Mlandu wa Botolo Losatsuka

M'mizinda ya Zambia muli nchito ina imene imayamba mbandakuca, anthu ambiri asanadzuke, ndipo siinalembedwe m'buku la ofesi iri yonse. Ana ang'onoang'ono amayendayenda ndi matumba pa masiteshoni a basi, m'misika, kuseri kwa mabala ndi m'ngalande, kutola mabotolo amene anthu anataya dzulo lace. Ena amawatola kudzala kwenikweni, kumene agalu ndi nchenche zimadyera. Dzuwa likamafika pamutu mabotolo aja amakhala atagulidwa kale, ndipo pofika madzulo amakhala atadzazidwa munkoyo, thobwa, mowa wa masese kapena kacasu, nafika pakamwa pa munthu amene walipira ndalama yace. Pakati pa dzala ndi pakamwa pamangokhala beseni limodzi la madzi. Botolo loyamba limabviikidwa m'madzi oyera, koma la nambala 40 limabviikidwa m'madzi amene atenga kale litsiro la mabotolo onse amene analitsogolera. Ndipo ambiri amati kumeneko ndiko kutsuka.

Nkhani ino siikuweruza ngati kumwa mowa ndi chimo kapena ai. Mlandu umenewo uli ndi eni ace, abusa ndi akulu a mpingo, ndipo akhala akuuzenga kuyambira pamene mamishoni anafika. Ndiponso munkoyo ndi thobwa amamwa ndi madikoni omwe, pamodzi ndi ana a sukulu, ndipo botolo lace ndi lomwelo. Nkhaniyi siikunyozanso amai ofulula. Mowa wao waphunzitsa ana ambiri. Alipo makalaliki, aphunzitsi ndi anamwino amene ndalama zao za sukulu zinaturuka m'mbiya, ngakhale ena a iwo sakondwa kukumbutsidwa zimenezi. M'masiku a Northern Rhodesia makhonsolo a m'matauni analetsa amai kufulula m'makomboni, kuti anthu azikagula ku mabiyaholo a khonsolo, ndipo apolisi anagubuduza migolo yambiri. Koma amai sanaleke, ndipo m'zaka za m'ma 1950 mabiyaholo omwewo anthu anawanyanyala. Mu 2012 boma linaletsa tujilijili, mowa waukali wa m'timapepala ta pulasitiki. Lamulo lotere likhoza kucotsa katundu m'sitolo, koma silingalondere moto wa kuseri kwa nyumba iri yonse. Kufulula kudzapitirira. Cotsala ndico kufunsa ngati nkoyenera kuti cakumwa cophikidwa ndi thukuta lotere cizithiridwa m'cotengera ca kudzala.

Makolo analibe mabotolo, koma sanali osasamala monga ophunzira ena amaganizira. Mbiya ya mowa inali ndi mbiri yace yodziwika. Anaiumba mai wa m'mudzi momwemo, ndipo nchito yace inali imodzi. Mtsuko wa madzi unali wa madzi, mphika wa ndiwo unali wa ndiwo. Mowa ukatha, ziwiya zinali kukwecedwa ndi mcenga ndi phulusa, ndi kubvundikidwa pa thandala kuti dzuwa liziombe. Koposa zonse panali mwambo wa kulawa. Mwini mowa, asanapereke cipanda kwa alendo, anali kuyamba wamwa yekha pamaso pao, kucotsa mankhwala monga ananenera. Mwambo umenewu unali wa nzeru zakuya, pakuti wofulula anali kuika moyo wace cikole, kuti ngati muli cobvuta m'mowamo, woyamba kugwa akhale iye.

Botolo lotola ndi mlendo wopanda mbiri. Palibe amene adziwa ngati dzana munali parafini, mafuta a galimoto kapena mankhwala a makoswe; ngati munthu wa cifuwa analabvuliramo; ngati wapaulendo wa basi ya usiku, posowa poturukira, anataya madzi momwemo naliponya pa zenera. Wogulitsa sangalawe mabotolo 40 limodzi ndi limodzi, ndipo kunena zoona ambiri a iwo akafuna kumwa amatunga mumgolo ndi kapu yao ya m'nyumba. Cikole cija cinacotsedwa, ndipo palibe cimene cinalowa m'malo mwace.

Cipangidwe ca botolo cimaonjezera bvuto. Mbiya iri ndi kamwa lalikuru, dzanja limalowa ndi kufika pansi. Botolo dzanja silingalowe. Masese amene atsala pansi, akakhala masiku awiri kapena atatu padzuwa, amauma ndi kumamatira ngati nkhoko za nsima, ndipo pamenepo pamamera cuku ndi tizirombo tosaoneka ndi maso. Kuthiramo madzi ndi kukhuchumula kawiri kumangonyowetsa nkhokozo, ndipo tizirombo timatsala pansi pace tiri bwinobwino, kudikira cakudya catsopano. Kunja botolo lingathe kung'anima, pakuti kunja ndiko kumapukutidwa kuti wogula akopeke. Akale anati cikomekome ca mkuyu m'kati muli nyerere.

Zimenezi sizatsopano kwa ali yense amene anakhala pa benchi la sukulu. Louis Pasteur, katswiri wa ku France, ndiye anaonetsa poyera kuti mowa ndi vinyo zimawira cifukwa ca kanthu kamoyo kochedwa yisiti, ndi kuti zikasasa kapena kununkha ndiye kuti mwalowa tizirombo ta mtundu wina. Mu 1871 anaceza ku fakitale ya mowa ya Whitbread ku London, nayang'ana yisiti yao ndi galasi lokuzira zinthu, nawauza eni ace kuti munali alendo osafunika. Ndipo iwo sanakangane naye, koma anagula galasi lao. Mu 1876 anaturutsa buku lonse lonena za mowa ndi matenda ace. Mu 1883 Emil Christian Hansen, ku Carlsberg mu mzinda wa Copenhagen, anapeza njira yolekanitsira yisiti yabwino ndi kuisunga payokha. Ndico cifukwa cace mafakitale, akalandira mabotolo obwezedwa, amawapititsa m'madzi otentha a soda waukali asanathiremo kanthu. Sacita zimenezi cifukwa ca cifundo cokha. Amadziwa kuti botolo limodzi lauve limaononga mowa, ndipo mowa woonongeka umathawitsa ogula.

Pali mau amene amamveka kawirikawiri pa malo omwera, akuti mowa ndi mankhwala, umapha zonse zimene zagweramo. Mau amenewa ali ndi coonadi pang'ono, ndipo ndico cimene cimawacititsa kukhala oopsa. Mowa wa masese wakupsa bwino umawawasa, ndipo kuwawasa kumeneko tizirombo tambiri ta matenda, ngakhale ta kolera, sitikupirira nthawi yaitali. Koma ukali wa mowa wotere ndi wa magawo 3 kapena 4 pa 100 ali onse, pamene spiriti imene anamwino amapukutira khungu asanabaye jekeseni iri ndi magawo 70. Kusiyana kwace nkwakukuru. Thobwa ndi munkoyo pa tsiku loyamba, zisanawawase, ndi phala lamadzi lotsekemera basi, ndipo kwa kacirombo ndi phwando. Komanso milomo ya munthu simayamba yakhudza mowa. Imayamba yakhudza kukamwa kwa botolo, kumene kwagwidwa ndi manja, kwatera nchenche, ndi kumene kwaumira madzi a m'beseni lija. Kolera imene inabuka mu Lusaka mu October 2017 inakula kwambiri m'makomboni monga Kanyama, kumene zitsime zosazama zinakumbidwa pafupi ndi zimbudzi. Mliri wa 2023 ndi 2024 unapha anthu oposa 700 m'dziko lonse, kufikira bwalo la mpira la National Heroes linasandutsidwa cipatala. Palibe akunena kuti miliri imeneyi inacokera m'mowa. Koma mai amene atsukuluza mabotolo ace ndi madzi a citsime cotere waonjezera litsiro m'malo molicotsa, ndipo wadzipusitsa yekha kuti wagwira nchito. Tsono kuwawasa kwa mowa kulibe mphamvu iri yonse pa parafini kapena pa mankhwala opopera thonje.

Mau ena amacokera kwa agogo odziwa kufulula, ndipo amenewa ayenera kuyankhidwa mwaulemu. Iwo amati mbiya yotsukitsa siwiritsa mowa, ndi kuti mbiya yakale imaposa yatsopano. Akunena zoona. Dothi loocha liri ndi timabowo tating'ono mmene yisiti ya mowa wapitawo imabisala, ndipo ndiyo imayambitsa mowa wotsatira. Ena amasunga dala masese pang'ono pa cifukwa comweci. Koma agogo amenewa amadziwa cimene cinali m'mbiya mwao, pakuti anacithiramo ndi iwo eni. Botolo silinapangidwe kuti liyambitse mowa, ndipo zotsalira zace ndi za munthu wosadziwika. Wosunga mbeu ya caka catha m'nkhokwe ndi mlimi. Wosesa pa mseu nakafesa zosesazo m'munda mwace sangadzichinjirize ndi dzina la mlimiyo.

Cimene cimalimbitsa uve umenewu koposa umphawi ndi cizolowezi cofunsa funso lolakwika. Munthu akadwala atamwa, abale samafunsa kuti m'botolo munali ciani; amafunsa kuti ndani wacita. Mu January 2015, ku Chitima m'cigawo ca Tete ku Mozambique, anthu amene anacokera ku maliro anamwa mowa wa cimanga wofulula pakhomo. Oposa 230 anadwala, ndipo 75 anamwalira, pamodzi ndi mai amene anafulula mowawo. Mbiri inawanda msanga, mpaka m'manyuzipepala a maiko akutali, kuti wina anathiramo ndulu ya ng'ona, ndipo ambiri anakhulupirira popanda kufunsa, popeza ndulu ya ng'ona ndi dzina limene ali yense anakula akuliopa. Akatswiri atapima mowawo ndi ufa wace anapeza cina. Mu ufa woonongeka munamera kacirombo kochedwa Burkholderia gladioli, kamene kamaturutsa ululu wopanda pfungo ndi wosamveka pa lilime, umenenso sufa ngakhale phala liwire. Ku Chitima wolakwa sanali botolo ai, unali ufa, ndipo phunziro lace loyamba ndi lakuti cimanga kapena ufa umene wanyowa nucita cuku suyenera kulowa m'mowa poti walephera kukhala nsima. Koma nkhaniyi ionetsanso kuti mudzi wonse ungathe kulira maliro 75 popanda mfiti ngakhale imodzi. Pa maliro ang'onoang'ono a m'midzi, kumene kulibe katswiri wopima, nkhalamba zingati zalozedwa cala pa mlandu umene mwini wace anali cigubu?

Nchito yoyenera siyobvuta kuimvetsa, koma iri pawiri, ndipo olakwa ambiri amalakwa posakaniza ziwirizi. Yoyamba ndi kucotsa litsiro looneka. Yaciwiri ndi kupha tizirombo tosaoneka. Yaciwiri siingatheke yoyamba isanacitike, pakuti mankhwala akagwera pa nkhoko za masese amathera mphamvu pamwamba pomwepo, osafika pansi.

Botolo losabvuta kutsuka ndi limene latsukuluzidwa nthawi yomweyo mowa utangotha, masese asanaume. Cifukwa cace wofulula wanzeru amakhala ndi mabotolo ace amene amabwerera kwa iye, m'malo mogula acilendo tsiku ndi tsiku. Botolo lacilendo liyenera kuyamba lanunkhizidwa. Likamveka parafini, petulo kapena mankhwala a mtundu uli wonse, mlandu wace watha, lipite kudzala kumene linacokera. Otsalawo abviikidwe usiku wonse m'madzi a sopo kapena a phulusa kuti nkhoko zifewe. M'mawa akwecedwe m'kati ndi burashi ya mabotolo. Posowa burashi, botolo la galasi lithiridwe mcenga wa kumtsinje wotsukidwa, kapena timiyala ting'onoting'ono, ndi madzi pang'ono, nilikhuchumulidwe kolimba. Pambuyo pace litsukuluzidwe kufikira thobvu la sopo litatheratu, popeza sopo wotsalira amaononga kukoma. Tsono wotsuka alikweze kuloza kudzuwa ndi kusuzumira pansi. Kadontho kakuda kakaoneka, nchito siinathe.

Pakupha tizirombo pali njira ziwiri zimene nyumba iri yonse ingathe. Mabotolo a galasi angaphikidwe. Aikidwe mumgolo madzi akali ozizira, odzaza mpaka m'kati, moto uzikwera pang'onopang'ono, ndipo madzi akayamba kubwata papite mphindi 10. Galasi lozizira loponyedwa m'madzi obwata limasweka, cimodzimodzi lotentha lothiridwa madzi ozizira, motero asiyidwe azizire okha. Njira inayo ndi ya klorini, mankhwala oyeretsera zobvala onga Jik, koma akhale wamba, osati oikidwa zonunkhiritsa. Muyeso wace ndi supuni yaikuru imodzi pa malita 4 a madzi ozizira, ndiko kuti masupuni 5 pa cigubu ca malita 20. Mabotolo amizidwe odzaza, pamodzi ndi zotsekera zace, kwa mphindi 20. Akacoka pamenepo atsukuluzidwe ndi madzi amene anawiritsidwa nazizira, osati a kucitsime, pakuti kutero ndiko kubweza zonse zimene zaphedwa. Ndipo osatsukuluza konse ndiko kupatsa mowa pfungo la kucipatala. Madzi a klorini akonzedwe atsopano tsiku liri lonse. Asasakanizidwe ndi viniga kapena mankhwala ena otsukira, cifukwa pamenepo pamaturuka mpweya wopweteka mapapu. Mabotolo a pulasitiki, amene tsopano ndiwo acuruka, amakwinyika m'madzi obwata, motero njira yao ndi ya klorini yokha. Mcenga umawakanda, ndipo lokandika kapena locita mbuu m'kati litayidwe, pakuti m'mikwingwirima ndimo mobisalamo tizirombo.

Potsiriza mabotolo abvundikidwe cozondoka pa timitengo toyera kuti adonthe ndi kuuma okha. Kuwapukuta ndi nsanza ya pa phewa, imene yapukuta kale thukuta, tebulo ndi mamina a mwana, ndiko kugwetsa nyumba itafika pa denga. Sefa, kapu yotungira, fanelo ndi manja a wothira zifuna cisamaliro comweco. Ndipo pali cenjezo lina limene achinyamata ofuna kutsanzira mowa wa m'sitolo amaliiwala: mowa wa masese ndi wamoyo, umapitiriza kuwira ndi kuturutsa mpweya. Ukatsekeredwa kolimba m'botolo la galasi ungathe kuliphulitsa ndi kulasa maso. Citsononkho cimene amai a kumudzi amatsekera naco cimalola mpweya kuturuka, ndipo pamenepo ciposa cotsekera ca citsulo, malinga cikhale catsopano, osati cotola pa khola la nkhumba.

Pali zotengera zina zimene njira zonsezi sizingaziombole. Ku Katete, Petauke, Lundazi ndi madera ena olima thonje, mlimi akatha kupopera amatsala ndi tizigubu tolimba, ta cotsekera cabwino, tooneka tomvetsa cisoni kutaya. Timeneti timapezeka m'nyumba muli mcere, mafuta ophikira, madzi a kumunda, ngakhale kacasu. Mankhwala opha tizirombo ta m'munda amalowerera m'thupi la pulasitiki, ndipo sopo, phulusa, madzi otentha kapena klorini sizingawaturutse onse; amaturuka okha pang'onopang'ono kulowa m'cimene cathiridwamo, ndipo mowa waukali umawasungunula msanga koposa madzi. Alangizi a zaulimi amati kacigubu kotere katsukuluzidwe katatu, madziwo athiridwe m'mpope wopopera, kenaka kabooledwe kuti wina asakagwiritsenso nchito. Za kacasu pali zambiri zonena zimene sizikwana pano; botolo loyera silingakonze kacasu wocezedwa moipa kapena wosakanizidwa ndi spiriti ya m'mafakitale, imene imacititsa khungu.

Wina adzati zonsezi ndi nzeru za munthu wa mu ofesi amene sanasenzepo ndowa. Madzi m'komboni amagulidwa, makala akwera mtengo, ndipo phindu la mgolo umodzi ndi locepa. Dandaulo limeneli ndi loona, ndipo khonsolo imene imakumbukira makomboni pa nthawi ya kolera yokha, nifika ndi magalimoto kudzagwetsa misika, iri ndi gawo lace pa mlanduwu, pakuti mpopi umodzi ukadacita zambiri koposa apolisi khumi. Koma masamu ace awerengedwe bwino. Mai amene waphika phala la mowa kwa maora ambiri ali ndi moto kale, ndipo makala otsala pa mafuwa akwanira kuwiritsa madzi otsukuluzira. Masupuni 5 a klorini sangafanane mtengo ndi cimanga, cimera, nkhuni ndi masiku 7 a nchito, zimene zimatayika zonse pamene mowa wasasa usanagulidwe. Ofulula ambiri amene amadandaula kuti anzao awacitira nsanje, poti mowa wao umasasa msanga masiku ano, akadayamba ayang'ana pansi pa mabotolo ao.

Akumwa naonso sangathawe. Mwamuna yemweyo amene amakweza botolo kudzuwa kuti aone ngati muyeso wakwana, nakangana ndi wogulitsa pa kadontho kamodzi, safunsa konse kumene botololo linagona usiku wapitawo. Akadakhala kuti ogula amabwera ndi botolo lao la kunyumba, kapena amapitirira pakhomo pamene beseni liri lakuda nakagula pakhomo lina, msika ukadasintha wokha mwezi usanathe.

Koma mlandu waukuru uli pa anyamata ndi atsikana amene atsiriza sukulu. Iwo anajambula tizirombo m'makope, analoweza dzina la Pasteur, nakhoza mayeso. Akabwerera kwao amagawika pawiri. Ena amacita manyazi ndi nchito ya amai ao, nadutsa kuseri kwa nyumba atayang'ana kumbali, koma madzulo nkudzadya nsima yogulidwa ndi ndalama ya mumgolo womwewo. Ena amatumidwa kukatola mabotolo, napita, nabwera nao, osanena kanthu, ngati kuti zimene anaphunzira zinali za pa pepala la mayeso pokha. Palibe akuwapempha kuti akaime pa bwalo ndi kulalikira akuluakulu, pakuti mwana wophunzitsa amace mwacipongwe samvedwa, ndipo nkoyenera kuti asamvedwe. Cofunika ndi kutenga burashi ndi kukhala pansi pambali pa beseni, kusintha madzi akada, kuyeza masupuni, ndi kuwerenga mphindi pa wochi. M'nyumba zambiri mwana wa sukulu ndiye yekha angathe kuwerenga malembo a pa cigubu cimene atate anabwera naco kucokera kumunda wa thonje, ndi kudziwa cimene cithunzi ca cigaza ndi mafupa awiri cikunena. Akacipeza ciri pa mzere wa zotengera za mowa wa mawa, acicotse amai akuona, awauze cifukwa cace, ndipo acibowole pansi ndi msomali asanacitaye.